Miyezi itatu ndikuthira Fame ku dagger, ndisinthe kapena ndipirire?

Chimtali_Bangwe:
Anzanga ndithandizeni nzeru, chifukwa ndatsala pang'ono kuifufuta gemuyi m'foni. Ndinayamba Albion Online, gemu ya pa intaneti yomenyana ndi zilombo komanso osewera ena, miyezi itatu yapitayo. Nditangoyamba ndinaonera vidiyo pa YouTube, mzungu wina akugwetsa anthu ndi Bloodletter, mtundu wina wa dagger (kampeni), ngati akusenda nthochi, mtima wanga n'kungoti basi chida changa n'chomwechi. Kuyambira pamenepo Fame yonse, mapointi okwezera luso pa chida, ndakhala ndikuthira ku ma dagger. Koma amwene, ndikangoponda black zone, dera limene akakupha amakulanda zonse, ndiye maliro. Dzulo lokha ndafa kanayi, zovala zodula za T6 (tier 6) zonse zapita, silver yatsala yogulira bulu basi. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndikadina E, batani la skill yaikulu ya chidachi, munthu uja ndimamuona ali patsogolo panga, koma pofika pamalopo iye ali kale kumbuyo kwanga akundikhapa. Kodi vuto ndi ine, chida, kapena foni? Ndisinthe chida kapena ndingolimba mtima?

WakuGoliyo:
Vuto ndi iweyo aise kkkkk. Miyezi itatu yokha ukuvala T6 kupita ku black zone wekhawekha? Anthu aja akakuona amangoti lole ya shuga yagubuduka, aliyense abwere ndi thumba.

Chimtali_Bangwe:
@WakuGoliyo ndabwera kudzafunsa nzeru, sindinabwere kudzasekedwa.

Fiber_Chichiri:
Tisanamuweruze tiyambe tamufunsa. Ping yako imakhala pa zingati, ndipo uli pa seva iti?

Chimtali_Bangwe:
Masana imasewera pa 290 kapena 300. Madzulo anthu akaweruka imafika 400 nthawi zina. Seva ndi ya Americas, mnzanga amene anandionetsa gemuyi ali kumeneko kuyambira kale.

Fiber_Chichiri:
Ndiye nkhani yagona pamenepo. Seva ya Americas ili ku Washington. Ya Asia ili ku Singapore, ndipo ya Europe, imene inatsegulidwa mu Epulo 2024, ili ku Amsterdam. Mnzakoyo ayenera kuti anayamba ya Europe isanabwere, nthawi imene tonse tinalibe kuchitira mwina.

Ukadina E, foni yako siigamula yokha kuti wamubaya munthu. Imatumiza uthenga ku seva, seva ndiye imaona kuti aliyense waima pati, n'kubweza yankho. Ping ndi nthawi ya ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera. Pa 300 ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Munthu amene ukumuona pa sikirini ndi pomwe anali, osati pomwe ali. Tsono E ya Bloodletter ndi yolumphira pamalo pomwe waloza, ndipo imaluma kwambiri mdani akatsala ndi moyo wosafika 40%. Ndi chida cha munthu amene diso lake, chala chake ndi seva zikuyendera limodzi. Mzungu wa pa YouTube uja mwina akusewera pa ping ya 20. Unakopera build yake, zida ndi ma skill amene anasankha, koma intaneti yake sunaikopere.

Ndipo tisamangodzudzula netiweki pachilichonse. Kuwala koyenda mu fiber kumatha makilomita pafupifupi 200 pa millisecond imodzi. Kuchokera kuno ku Blantyre kukafika Amsterdam molunjika ndi makilomita pafupifupi 8,000, ndiye kupita ndi kubwera ndi 80 kale, ngakhale chingwe chitakhala chowongoka ngati mzere wa rula. Koma sichowongoka. Dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, uthenga umayamba wayenda pamtunda mpaka kugombe la Mozambique kapena Tanzania, kenako n'kulowa zingwe za pansi pa nyanja zimene zimazungulira kutali. Ine pa Europe ndimapeza cha m'ma 190 mpaka 210 kukacha bwino. Wa ku Washington awonjezerepo nyanja ya Atlantic yonse.

Chowawa chake n'chakuti character siisamuka. Ukapita ku Europe ukayambira pansi penipeni.

Chimtali_Bangwe:
Eish. Ndiye miyezi itatu yonse ija yangolowa m'madzi?

WakuGoliyo:
Safunsa anadya phula.

Deathgivers265:
Ine sindikugwirizana nazo zoti munthu asiye chida chifukwa cha ping. Za seva zokhazo zoona, samuka mwene, 300 ndi chilango. Koma ine ndili pa Europe, ping 200 ngati wina aliyense pano, ndipo ndimasewera ma dagger chaka chachiwiri tsopano. Umangophunzira kuponya skill pomwe munthu akupita osati pomwe waima. Alenje a mbalame ndi legeni amachita chimodzimodzi. Mukamuuza mwanayu kuti atenge chida chimene sachikonda, pakutha pa milungu iwiri gemu imutopetsa, aisiya. Bola kufa ndi chida chimene ukusangalala nacho.

Fiber_Chichiri:
@Deathgivers265 iweyo uli pa laputopu ndi mouse, pa rauta ya kunyumba. Mnzathuyu ali pafoni, akuloza ndi chala chachikulu, netiweki ya madzulo ku Bangwe. Si mpira umodzi umenewo.

Deathgivers265:
Ndinayambira pafoni inenso.

WakuGoliyo:
Ndipo unkafa ngati nkhuku za chitopa, tinalipo kkkk

Curse_Machinjiri:
Ndiyankhe funso lenileni la chida, poti ena mwayamba kukumbutsana zakale. Ku Albion kulibe class. Chimene wavala ndiye ndiwe. Chida chimakupatsa Q, W ndi E, chovala cha pathupi R, chipewa D, nsapato F. Pa Q ndi W umasankha wekha pakati pa ma skill angapo, E ndi ya chidacho basi, siisinthika. Ndiye ukasiya dagger n'kunyamula nkhwangwa, Fame ya dagger ija siifufutika pa Destiny Board, pamene pamaonetsa luso lako pa chida chilichonse, imangokhala kukudikira. Ya zovala nayo imakhalabe. Chimene chingakutayitse zonse ndi kusamuka seva, osati kusintha chida.

Tsono ma skill alipo amitundu iwiri imene ife a ping yokwera tiyenera kuisiyanitsa. Ena umaloza pansi kapena mbali, ukaphonya waphonya. Ena umangosankha mdani n'kudina, skill imamupeza yokha bola ali pafupi mokwanira. Ine ndinasamukira ku Cursed Staff pachifukwa chimenechi. Q yake, Vile Curse, umangomusankha munthu, temberero limamumata mpaka kanayi, ndipo limamudya pang'onopang'ono ngakhale sikirini yako itaima kaye. Netiweki ikabwerera umapeza moyo wake watsika ndithu. Ina yosavuta ndi Great Axe. E yake umangozungulira ngati kamvuluvulu, aliyense amene ali pafupi alandira. Palibe zoloza.

Chinanso, usaphunzirire ndewu ku black zone. Ku yellow zone akakugonjetsa umangogwa, katundu sakulanda. Ku Arena ndi asanu kwa asanu ndipo sutaya kanthu. Ma Corrupted Dungeon a Hunter nawonso salanda, ndi Stalker ndi Slayer amene amakuvula. Ukafuna kulowa kofiira kapena kwakuda vala T4 yotchipa, ugule ma seti khumi, uziwerengera kuti onsewo apita. Imeneyo ndiye fizi ya sukulu.

Chimtali_Bangwe:
Apa ndiye mwandimasula akulu. Ine ndimaona ngati T4 ndi ya ana.

NaPhiri_HolyStaff:
Ndakhala chete ndikuwerenga, koma pali chimene simukuchitchula. Gulu lino tili anthu angati osewera Albion? Tikaitana zopita ku dungeon kapena kukamenyana, amabwera anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri anyamula mipeni ndi mauta, healer (wochiza anzake) ndine ndekha, tank (wolandira nkhonya m'malo mwa gulu) palibe. Aliyense akufuna dzina lake lioneke kuti wapha. Kenako mukafa mumati achemwali simunatichize. Ndikuchizani bwanji wina ali kumpoto wina wathamangira kummwera, ndipo chilombo chikuthamangitsa ine chifukwa palibe wochigwira?

Mlongo wanga wa ku Bangwe, ngati ukuyambiranso pa Europe, ganizirako Nature Staff kapena Mace. Nature imachiza pang'onopang'ono, umamuika mnzako mankhwala amapitiriza okha kugwira ntchito, ndiye lag, kuchedwa kwa netiweki kuja, siikupweteka kwambiri. Mace ndi zovala za plate ndiwe tank, moyo ndi wambiri, ukachedwa ndi theka la sekondi sufa. Ndipo healer kapena tank sasowa gulu. Wa dagger amachita kupempha kuti amutenge.

WakuGoliyo:
Healer ndi goloboyi. Timu ikawina atamandidwa ndi womwetsa zigoli, ikaluza wolakwa ndi iyeyo.

Noma_Mpaka_Kale:
Ngati goloboyi wa Maule tsiku la derby kkkkk

Maule_12:
Iwe usayambe. Tikumane pa Kamuzu Stadium ndiye uzikalankhula zimenezo.

Noma_Mpaka_Kale:
Tibwera ndi healer wathu, inu mubwere ndi machira.

Admin_Soche:
Za Maule ndi Manoma zili ndi gulu lake. Pano tibwerere ku funso la mnzathu.

Madala_wa_Lumbridge:
Ana inu mukudandaula kutaya miyezi itatu pa gemu imene imakulolani kusintha chida ngati malaya. Tamverani za ife.

Ine RuneScape ndinaiyamba mu internet cafe ina ku Limbe, masiku amene tinkalipira pa mphindi ndipo tsamba limatenga nthawi yomwera tiyi kuti litseguke. Gemuyi ndi ya Jagex, ya ku Cambridge, inatuluka 2001. Mu Novembala 2012 anasintha kamenyedwe konse, anakutcha Evolution of Combat, kubweretsa ma ability odinadina ngati magemu enawa. Anthu ambiri anakwiya n'kuchoka. Mu 2013 kampani inabwezeretsa gemu monga inalili mu 2007, ndiye Old School RuneScape imeneyi, ndipo kuyambira 2018 ili pafoni.

Chimene ndimaikondera kuno kwathu n'chakuti dziko lake limayenda ndi ma tick, tick imodzi ndi masekondi 0.6. Chilichonse, kumenya, kudya, kusuntha, chimachitika pa kugunda kumeneko. Ping ya 200 imakwana mkati mwa tick imodzi malo n'kutsalako. Ndikalowa world ya ku UK kapena Germany, pa zinthu zambiri sindisiyana kwenikweni ndi mwana wa ku London. Bandulo nayo siidya.

Koma kusankha skill kumeneko ndi ukwati wa pa tchalitchi. XP, mapointi okwezera level, ikalowa yalowa, palibe kubweza. Alipo ma account amene timawatcha pure: umakweza Strength, Ranged ndi Magic koma Defence umaisiya pa 1 dala, kuti combat level ikhale yotsika pomwe nkhonya yako ndi ya munthu wamkulu. Ku Wilderness, dera limene osewera amamenyana okhaokha, umakumana ndi anthu a level yoyandikana ndi yako, ndiye amakuderera, kenako amadabwa. Ine ndinalera pure wanga miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lina ndinasiya foni pa chaja pabalaza, mphwanga wa kwa mlongo wanga anaitenga, anapita kukapha ng'ombe za pa Lumbridge, ndipo pofufuzafufuza mabatani anadina Defensive. Pa damage iliyonse umalandira XP 4, ndipo level 2 imangofuna XP 83. Ng'ombe zitatu zokha zinali zokwana kuwononga zonse. Iye anakhala masana onse. Pobwera ndinapeza Defence 11, mwana akumwetulira kuti ankolo ndakukwezerani.

Sindinamukalipire. Ndinangotuluka panja n'kukakhala pa khonde mpaka mdima.

WakuGoliyo:
Madala pepani koma ndaseka mpaka anthu a mu minibasi anditembenukira 😂😂

NaPhiri_HolyStaff:
Mwanayo anali ndi mtima wa healer, amafuna musamavulale.

Chimtali_Bangwe:
Ndiye munatani madala, munayambiranso?

Madala_wa_Lumbridge:
Ndinamusandutsa main, account wamba, ndinakweza zonse. Ndipo mphwanga, kumeneko miyezi itatu si kanthu. Level 99 imafuna XP 13,034,431. Ukafika 92 ndiye kuti wangofika theka la ulendo. Ndiye ukamati wataya nthawi, ine ndikuona munthu amene wangotsika kumene basi pa Wenela.

Ndionjezere za kamenyedwe, poti ena amati gemu yathuyi ndi yongodina n'kudikira. Muli katatu kozungulira. Melee imagonjetsa Ranged, Ranged imagonjetsa Magic, Magic imagonjetsa Melee. Chifukwa chake chili pa zovala: zachitsulo zimatchinga lupanga ndi mivi koma matsenga amalowa ngati madzi, zachikopa cha dragon zimakana matsenga, mikanjo ya amatsenga mivi imangobowola. Pamwamba pake pali Prayer: pa 37 umadziteteza ku Magic, pa 40 ku mivi, pa 43 ku Melee. Zilombo zambiri pemphero limazitsekeratu, koma kwa munthu mnzako limangochepetsa ndi 40%. Tsono akatswiri amasintha zida ndi zovala mkati mwa ndewu, kumuonetsa mnzawo uta kuti apemphere za mivi, kenako n'kumukhapa ndi lupanga. Pamenepo pokha ndiye ping imayamba kuwawa, ndipo ine pa msinkhu wanga ndinazisiyira anyamata.

Exile_Chitawira:
Nkhani yokopera build ndiikhudzeko, chifukwa anthu angamve ngati kukopera n'kulakwa. Ku Path of Exile ukapanda kutsatira build ya munthu wodziwa, ulira. Mtengo wa ma passive uli ndi timfundo topitirira 1,300. Ine ulendo woyamba ndinati ndine dolo, ndiyenda ndekha. Ndinkangotola chilichonse cholembedwa damage, apa za moto, apa za uta, apo za lupanga. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Life sindinatenge, za resistance sindinkazidziwa n'komwe. Resistance ya moto, kuzizira ndi mphezi imayenera kufika 75%, ndipo gemu imakuchotsera 30% ukamaliza Act 5, inanso 30% ukamaliza Act 10. Ndinafika Act 6 chilichonse chikungondigwetsa kamodzi. Orb of Regret imodzi imabweza point imodzi yokha, ine ndinkafunika kubweza makumi angapo. Ndinangoyamba character ina.

Ndiye kukopera kopera ndithu, koma uyambe wafunsa kuti build imeneyi ikufuna chiyani kwa ine. Ikufuna zala zothamanga? Ikufuna zida zodula? Ikufuna ping yotsika? Ine tsopano ndimasewera ma minion kapena ma totem. Ndimaika asilikali anga, iwo azimenya, ine ndili chapatali. Lag ikabwera iwo sadziwa n'komwe, amangopitiriza ntchito. Komanso mu ma setting muli Lockstep ndi Predictive. Lockstep imadikira seva pa sitepe iliyonse, ndiye pa ping yathuyi umamva ngati ukuyenda m'matope a ku Mbayani nthawi ya dzinja. Predictive imayenda myaa koma nthawi zina imakubweza pomwe seva ikuti uli. Yesani zonse muone imene mungaipirire. Hardcore yokha, kumene ukafa kamodzi watuluka, musayerekeze, magetsi athu mukuwadziwa.

Zingwangwa_Solar:
Mwatchula magetsi mwandikumbutsa. Sabata yatha tili mkati mwa ndewu ku red zone, ine ndanyamula katundu wa gulu lonse pa ng'ombe, magetsi phethi. Rauta yazima. Pomwe ndimayatsa data ya pafoni n'kulowanso, ndinapeza ndili mu mzinda ndili mbulanda.

Fiber_Chichiri:
Gula kachingwe kolumikiza rauta ku power bank. Ma rauta ambiri amafuna 12V kapena 9V, yang'ana kumbuyo kwake palembedwa. Magetsi akazima iwe sudziwa n'komwe.

Zingwangwa_Solar:
Timapezeka kuti timeneto?

Fiber_Chichiri:
M'mashopu a zamafoni ku Limbe ndinationako. Ukagule utanyamula rautayo ukayesere pomwepo, timitu take timasiyana kukula.

Mayi_wa_Awiri:
Pepani ndilowerere, ine sindisewera, ndinalowa gulu lino chifukwa cha mwana wanga wa Fomu 3. Akumandipempha ndalama kuti agule "premium". Kodi popanda imeneyo gemu siiseweredwa? Chifukwa khadi langa la kubanki ngakhale zinthu zofunika kunja likumavuta kulipira, ndiye ndiziyika pa gemu?

Curse_Machinjiri:
Mayi, imaseweredwa bwinobwino. Albion ndi yaulere kuyambira 2019. Premium imangofulumizitsa zinthu, ndipo atha kuigula ndi silver ya mu gemu momwemo akalimbikira. Ku Old School RuneScape nakonso kuli chinthu chotchedwa Bond, amagula ndi golide wa mu gemu pa Grand Exchange, chimapereka umembala wa masiku 14. Muuzeni aigwirire ntchito. Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi anthu omulonjeza silver yotchipa kuti atumize ndalama pafoni. Malamulo a gemu amaletsa, account amatseka, ndipo nthawi zambiri ndalama imapita silver osabwera.

Mayi_wa_Awiri:
Zikomo bambo. Ayambe wakhoza masamu kaye ndiye tikambirana.

WakuGoliyo:
Mfana wagwa nayo, amayi ake ali ndi ma spy pagulu kkkk

Tank_wa_Chilomoni:
Ndibwerere kumene anasiyira madala, chifukwa pali funso limene limandivuta. Kodi gemu yabwino ndi imene imakulola kusintha maganizo, kapena imene imakumanga pa zimene wasankha?

Ine ndinakulira World of Warcraft. Mu Classic, mtundu wake wakale, umayamba kulandira ma talent point pa level 10, pofika 60 uli nawo 51, ndipo mitengo ndi itatu. Sungadzaze yonse. Ukafuna kusintha umalipira: koyamba golide mmodzi, kenako 5, kenako 10, kumangokwera mpaka 50. Ndiye munthu ukakhala tank unali tank, seva yonse imakudziwa choncho, anthu amakuitana ndi dzina. Mu 2012 anachotsa mitengo ija n'kuika zosankha chimodzi mwa zitatu pa ma level 15 aliwonse, mu 2022 anaibwezeretsanso. Masiku ano umasintha build ngati ukusintha tchanelo. N'zosavuta, inde, koma ine ndimaona ngati china chake chinatayika. Ngati aliyense angakhale chilichonse nthawi ina iliyonse, ndiye iweyo ndiwe ndani mu gemumo?

Exile_Chitawira:
Zimenezo ndi zokoma kwa munthu amene anasankha bwino. Amene analakwitsa ali level 15 asakudziwa kanthu, alangidwe mpaka kale? Diablo II inakhala zaka pafupifupi khumi yopanda kusintha ma skill, anadzaika mu 2010. Sindinamvepo munthu akulira kuti abwezeretse zakale.

Tank_wa_Chilomoni:
Sindikuti alangidwe mpaka kale. Ndikuti kusintha kuzikhala ndi mtengo. Chaulere sichilemekezeka.

NaPhiri_HolyStaff:
Mtengo wake alipira ndani? Mzungu amene ali ndi maola asanu ndi limodzi patsiku golide 50 amamupeza madzulo amodzi. Ine ndimaweruka 5 koloko, ndikwere minibasi pa Ginnery Corner, ndikafike ndiphike, ndiye ndipeze ola limodzi ngati magetsi alipo. Chilango chomwecho kwa iye ndi kambalame, kwa ine ndi mwezi wathunthu. N'chifukwa chake ndimaikonda njira ya Final Fantasy XIV: character imodzi imaphunzira ntchito zonse, ukasintha chida wasintha job. Ndipo anthu amakudziwabe kuti uyu ndi healer wabwino, chifukwa cha kachizidwe kako, osati chifukwa gemu yakutsekera chitseko.

Fiber_Chichiri:
Pa FFXIV ndionjezere za ping, poti ndi matenda anga. Global cooldown yake, nthawi yodikira usanadine skill yotsatira, ndi masekondi 2.5, pomwe ya WoW ndi 1.5. Ndiye imaoneka yodekha, ndipo kwa ife ndi yabwino. Vuto limabwera ukafuna kulowetsa ma skill awiri apadera pakati pa ma cooldown awiri. Pa ping ya 200 yachiwiri ija imadya nthawi ya skill yotsatira. Ndiye ngakhale kumeneko job ina imatikomera kuposa inzake. Guild Wars 2 ndiye ina: uli ndi ma dodge (kudumpha kozemba) awiri bar ikadzaza, iliyonse imakuteteza masekondi 0.75. Ukachotsapo ulendo wa uthenga, uyenera kudumpha chilombo chisanatsitse dzanja, osati chikamatsitsa. Zimaphunzirika, koma uyenera kuloweza kavinidwe ka chilombo chilichonse.

Deathgivers265:
Ndiye mwabwerera pa mawu anga aja. Zimaphunzirika.

Fiber_Chichiri:
Chilombo chimavina chimodzimodzi tsiku lililonse. Munthu wa ku Germany amene ali ndi ping 15 savina zoloweza.

Madala_wa_Lumbridge:
Mukanganirana chiyani, nonse mukunena zoona zake. Pa bawo pali anthu amene amawerenga nkhomo msangamsanga, dzanja lili kale m'maenje mnzawo asanamalize. Pali ena amakhala phee, kuwerenga kawiri, kutakata pomwe ena akanathamangira kudya. Onse amawina. Koma sindinaonepo wodekha akuwina posewera ngati wothamanga chifukwa choti anaonera wina pansi pa mtengo ku Ndirande.

Deathgivers265:
Madala mwandinena mochenjera kkkk. Chabwino. @Chimtali_Bangwe ukafika pa Europe undiuze. Yamba ndi chimene akuuza achemwaliwa, koma dagger usaitaye. Tizikapita ku yellow zone madzulo ndikuonetse poponyera E. Ukadzaona kuti ikugwira, udzasankha wekha.

Kameza_Roundabout:
Funso lapambali, foni ya RAM 3GB ingakoke Albion?

Curse_Machinjiri:
Imatseguka koma tsitsa graphics zonse, ndipo ndewu za anthu ambiri uziiwale, foni imatentha ngati mbaula. Ya madala ija, Old School RuneScape, ndiye ingayende bwino pamenepo.

Chimtali_Bangwe:
Ndabwera ndi lipoti. Usiku ndatsegula character pa Europe, ndayambira ku Lymhurst. Ping ikusewera pa 205, nthawi zina 220. Amwene kusiyana kwake ngati ndachotsa thumba la simenti pamutu. Ndatenga Nature Staff monga ananenera achemwali, ndipo ndagula ka dagger ka T3 ndasunga mu bank, @Deathgivers265 asadandaule. Ndalowa Arena katatu. Koyamba ndimangodzichiza ndekha anzanga akufa, wina anandilembera mawu achizungu amene sindingawabwereze pano. Kachitatu tinawina, ndipo palibe anandithokoza.

NaPhiri_HolyStaff:
Takulandira ku ntchito yathu. Kusathokozedwako uzolowere. Loweruka 8 koloko madzulo tikupita ku dungeon ya gulu ku yellow zone, ubwere ndi T4. Tsopano tili ma healer awiri, tank ndiye palibebe.

Tank_wa_Chilomoni:
Albion sindinaiyikepo. Ndi ma GB angati?

WakuGoliyo:
Pita ukadawunilodere pa Wi-Fi ya kuntchito ngati anthu ena onse.

Zingwangwa_Solar:
Loweruka kwathu ndi tsiku lozima magetsi madzulo. Ngati kachingwe kaja ndikapeza ku Limbe mawa ndibwera ndi Mace, koma katundu wa gulu anyamule wina.